Tsiku limene dokotala anawerenga timapepala ta m'chikwama changa

Ndinapita kwa dokotala uja ndi pempho limodzi lokha: andipatse mankhwala amphamvu. Mawu ake ndinawakonza ndili m'tekisi kuchokera ku Rosettenville, kuwabwereza chamumtima m'Chingerezi ngati mwana woloweza vesi la Sande sukulu. Ndinkafuna jakisoni, kapena mapilitsi oti ukangomeza mutu uzizire pompo. Zomwe ndinabwera nazo ndi kapepala ka kalendala komanso mawu oti ndisiye mankhwala amene ndinkamwa. Ndalama yoonanirana ndi dokotalayo inali yangongole. Ndinang'ung'udza njira yonse mpaka kunyumba.

## Mutu wa amayi anga

Ife a ku Machinga ching'alang'ala sitichita kuuzidwa. Amayi anga ukawayamba ankamanga kansalu molimba pamphumi, kulowa m'nyumba ndi kutseka chitseko, ndipo ana tinkadziwa kuti lero mtondo usalire, wailesi isatsegulidwe. M'mbali mwa maso awo muli timizere ta mphini zomwe anawatema ali namwali. Mphinizo zilipo mpaka pano, mutu nawo ulipo.

Ine unandiyamba ndili fomu 2. Umabwera mbali imodzi, kawirikawiri kumanja, kuseri kwa diso, kuwaza ngati munthu wagwira nkhwangwa. Ukaweramira pansi kuti utole chinthu, umagunda kawiri. Nseru, kusanza, kuwala kukulasa m'maso, fungo la anyezi wokazinga kwa aneba kusanduka mdani. Ukapanda kuuchitira kanthu utha kukhala maola 4 mpaka masiku 3. Mutuwu umayenda m'magazi a pabanja, ndipo umakonda akazi: pa mwamuna mmodzi wodwala pali akazi pafupifupi atatu. Izi ndinazidziwa mochedwa. Kalelo ndinkangoti ndatengera amayi, basi.

Kumudzi unkabwera kamodzi pamwezi, nthawi zina kudumpha. Ku Joni kuno ndiye unapeza pokhala.

Ndimasoka makatani ku Fordsburg, m'chipinda chapansi chopanda zenera, nyali zazitali zija zikuyaka kuyambira m'mawa, makina 6 akulira nthawi imodzi. Kuyambira Okutobala mpaka Disembala aliyense amafuna makatani atsopano, ndiye chakudya chamasana chimakhala nthano. Umatuluka madzulo n'kukumana ndi dzuwa la Johannesburg, kapena mitambo yakuda ya mabingu ija imene imasonkhana masana m'chilimwe. Ndipo ntchito yathu mukuidziwa: tsiku lomwe sunabwere, palibe chako.

## Ufa wa ku spaza

Amene anandionetsa ufawo ndi mnzanga wa makina oyandikana nawo. Timapepala topinda tija, togulitsidwa pa spaza iliyonse (timagolosale ta kuno ku Joni), kamodzikamodzi ngati maswiti. Umatsegula, kuthira ufa palilime, kutsitsira ndi madzi. Mkati mwake muli aspirin, paracetamol ndi caffeine. Ndisaname, tsiku loyamba ndinaona ngati ndapeza mpulumutsi. Patangopita theka la ola ndinali nditabwerera pa makina.

Poyamba ndinkamwa mutu ukabwera. Kenako ndinayamba kumwa ndikangoona ngati ukubwera. Kenako m'mawa uliwonse ndisanakwere tekisi, kuti usandipeze kuntchito. Ufa utayamba kuchepa mphamvu ndinaonjezera mapilitsi a ku famase okhala ndi codeine, mankhwala amphamvu oletsa ululu, aja amakulemba dzina ndi nambala ya pasipoti m'buku usanagule. Wa pa famase ina atandiyang'ana kawiri, ndinayamba kusinthasintha mafamase. Munthu ukayamba kubisa chinthu chomwe wagula ndi ndalama zako, pamakhala pali nkhani, koma nthawi imeneyo sindinkaona choncho.

Ndiye panabadwa mutu wina wachilendo. Osati wa nkhwangwa uja ayi. Uwu unali wolemera, wozungulira mutu wonse ngati wasenza ndowa popanda nkhata, ndipo ndinkadzuka nawo tsiku lililonse. Wa nkhwangwa unkabwerabe pamwamba pake.

Ndinapita kukiliniki ndikuti ndi malungo, monga Mmalawi aliyense mutu ukamupweteka. Anesi anandifunsa ngati ndapita kumudzi posachedwa. Ndinati ayi, chaka chatha chonse ndili konkuno. Anandiyezabe, osapeza kanthu, n'kundikumbutsa kuti udzudzu wa Johannesburg sufalitsa malungo. BP inali bwinobwino. Anandipatsa panado.

Alamu anga anali ndi yankho lawo: nyumba ya malata yomwe ndinayamba kumanga kumudzi yawawa anthu. Azimayi a kutchalitchi anandipempherera, ndipo ndimawathokoza, chifukwa ndi omwewo ankandibweretsera phala ndikagona. Wina anati ndimaganiza kwambiri. Ndani ku Joni kuno saganiza kwambiri?

## M'kachipinda muja

Dokotalayo anali mayi wachikulire, wa magalasi olendewera pakhosi. Ndinayamba kulakatula vesi langa lija. Anandimvetsera, kenako anapempha khadi la kukiliniki. Ndinapisa m'chikwama, osalipeza. Ndinapisanso. Mwamanyazi ndi changu ndinangokhuthulira zonse patebulo pawo: lumo laling'ono, tepi yoyezera, makiyi, ulusi, ndi timapepala ta ufa topanda kanthu, tambirimbiri, tina titapindika, tina titada ndi fumbi la m'chikwama.

Ndinatambasula dzanja kuti nditolere msanga. Iwo anaika dzanja lawo pamwamba pa timapepalato.

"Dikirani kaye, mama."

Anayamba kutiyala pamzere, kamodzikamodzi, ngati munthu wowerenga ndalama za chipereganyu. Sanandiyang'ane. Tinakwana 17. Pambali anaikapo timapaketi tiwiri ta mapilitsi a codeine, timene tinali titatha.

"Chikwamachi munachikutumula liti komaliza?"

Ndinati mwina masabata awiri apitawo.

"Pamwezi, ndi masiku angati amene mumamwa mankhwala a mutu? Sindikufunsa mapilitsi angati. Masiku."

Ndinayankha monga timayankhira tonse: "Nthawi zina."

Anaseka pang'ono, osati monyoza. Anatembenuza funso. "Chabwino. Mwezi wathawu, ndi masiku angati amene simunamwe kalikonse?"

Apa ndiye ndinakhala chete. Ndinafufuza m'mutu. Lamulungu lina ndinaiwala chikwama kwa achemwali. Tsiku lina spaza inali yotseka. Ndinapeza masiku 5, mwina 6.

Anatenga pepala n'kulemba manambala awiri akuluakulu, 15 ndi 10. Anati munthu wa ching'alang'ala akamamwa mankhwala wamba ngati panado kapena ibuprofen masiku 15 kapena kuposa pamwezi, kwa miyezi yoposa 3, mankhwalawo amayamba kubweretsa mutu wawowawo. Akakhala mankhwala osakaniza ngati ufa wangawo, kapena okhala ndi codeine, malire ake ndi masiku 10 okha. Mankhwala akamatha m'thupi usiku, mutu umadzuka, iwe n'kumwanso, n'kumangozungulira ngati mbuzi ya pachingwe. Mutu wa ndowa uja, anatero, si matenda atsopano. Ndi timapepalati.

Magazi anandithamanga. "Ndiye mukuti ndadzidwalitsa ndekha?"

"Ayi. Mumafuna kugwira ntchito, ndipo palibe anakuuzani. Munthu wa nyamakazi amene alibe ching'alang'ala atha kumwa panado tsiku lililonse osadwala mutu umenewu. Ubongo wanu ndi umene uli wotere." Kenako anafunsa ngati m'mimba mumaotcha. Munkaotcha. Aspirin wa tsiku ndi tsiku amakanda chifu mpaka zilonda, ndipo ine ndinkamuthira m'mimba mopanda kanthu 5 koloko m'mawa.

## Zigizagi

Chinthu china chinachitika m'kachipinda momwemo, ndipo ndikachikumbukira thupi limachita tsembwe.

Anandifunsa ngati pamakhala chizindikiro mutu usanayambe. Chimakhalapo, koma ndinali ndisanauzepo munthu wachipatala aliyense, chifukwa m'Chingerezi changa mulibe mawu ake, ndipo ngakhale m'Chichewa ukachinena anthu amakuyang'ana ngati wayamba kuona mizimu. Ndinayesa ndi manja, osatheka. Basi ndinatenga cholembera chawo n'kujambula zomwe ndimaona: mzere wokhotakhota ngati msoko wa zigizagi wa pa makina, wopindika ngati mwezi wongokhala kumene, wonyezimira, umene umayamba kadontho pakati pa diso n'kumakula kupita m'mbali. Pamene wadutsa sindiona bwino. Ndikayang'ana singano, imasowa. Pakatha mphindi 20 kapena 30 umazimiririka, ndiye nkhwangwa imafika.

Anayang'ana chojambulacho n'kunena kuti chimenechi dzina lake ndi aura, ndipo mwa odwala ching'alang'ala, pafupifupi mmodzi mwa atatu kapena anayi amachiona. Kenako anavula magalasi.

"Mukulera ndi chiyani?"

Ndinadabwa kuti kulera kwalowa bwanji pa nkhani ya mutu. Ndinawauza kuti mapilitsi, omwe ndakhala ndikumwa zaka zingapo. Anandifunsa mtundu wake, ndinawaonetsa chithunzi cha paketi pafoni. Anali aja a mahomoni awiri, okhala ndi estrogen. Anandiuza mosazungulira kuti mayi amene amaona zigizagi ameneyu sayenera kumwa mapilitsi amenewo, chifukwa ziwirizi zikaphatikizana chiopsezo cha sitiroko chimakwera, ndipo chimakwera kwambiri ngati munthuyo amasuta. Njira zina zilipo zopanda estrogen: mapilitsi a homoni imodzi, jakisoni, kachipangizo ka pamkono, lupu. Anandilembera kalata yopita nayo kukiliniki sabata yomweyo.

Zaka zonsezo palibe anandifunsa za zigizagi, inenso sindinanene. Kukiliniki ndinkati "mutu", iwo n'kumva mutu. Mawu amodzi omwewo timanenera mutu wa njala, mutu wa chimfine, mutu wa matsire, ndi chilombo ichi.

## Masabata owawa

Anandichenjezeratu kuti zinthu ziyamba zaipa zisanakhale bwino. Ufa anati ndisiyiretu kamodzin'kamodzi. Codeine anati tichepetse pang'onopang'ono, ndipo anandilembera ndondomeko yake. Tinagwirizana kuyamba Lachisanu kuti masiku oipitsitsa agwere kumapeto kwa sabata.

Sindikongoletsa. Masiku 4 oyamba ndinkangogona chafufumimba, thukuta, kusanza, tulo osabwera. Achemwali anga anabwera kuchokera ku Turffontein kudzagona nane. Usiku wachitatu ndinawapempha kuti apite ku spaza.

"Achemwali, kamodzi kokha. Kamodzi sikangaononge kanthu."

"Iwe, gona. Ndalama yomwe unabwereka ija ukufuna ipite m'madzi?"

Anabisa chikwama changa pansi pa matiresi omwe anagonapo iwo. Ndinawada usiku umenewo. Kuntchito ndinajomba masiku 3, ndipo anandidula ndithu.

Sabata yachitatu ikutha, tsiku lina ndinadzuka, kutenthetsa madzi, kusamba, kuvala. Ndili pamzere wa tekisi m'pamene ndinazindikira kuti ndowa ija palibe. M'mutu munali mbee. Ndinali nditaiwala kuti munthu amatha kudzuka choncho.

## Mankhwala awiri, ntchito ziwiri

Nditabwerera kwa dokotala ndinamvetsa chinthu chimene ndikanakonda wina akanandiuza ndili fomu 2. Mankhwala a ching'alang'ala ali pawiri. Pali ozimitsa moto ukabuka, ndipo pali oletsa kuti usamabukebuke. Ine zaka zonse ndinkangothira madzi.

Oletsawo anandipatsa amitriptyline, kapilitsi kakang'ono ka 10 mg, kumwa usiku uliwonse kaya mutu ulipo kaya palibe. Nditafika kunyumba ndinawerenga kapepala ka m'bokosi n'kuona kuti ndi mankhwala a matenda a maganizo. Ndinapsa mtima: ndiye akundiyesa wozungulira mutu? Ndinatsala pang'ono kuwataya. Wa pa famase ndi amene anandikhazika pansi, kuti mankhwalawa anapangidwira zimenezo poyamba, koma pa mlingo wochepa chonchi amaperekedwa pa mutu ndi ululu wa mitsempha. Masabata oyamba pakamwa pankauma gwa, m'mawa n'kumadzuka ngati ndaledzera. Dokotala anati ndizimwa 7 koloko madzulo m'malo modikira nthawi yogona, ndipo zinachepa. Anandiuzanso kuti ndisaweruze msanga: mankhwala oletsa amafuna miyezi 2 kapena 3, ndipo akachepetsa masiku a mutu ndi theka ndiye kuti agwira ntchito. Kuchiza kotheratu sanandilonjeze, ndipo ndinawalemekeza chifukwa cha zimenezo.

Panali ena omwe anawatchula n'kuwasiya. Propranolol, amene ndi mankhwalanso a BP, sanandipatse chifukwa ndili ndi mphumu. Topiramate ndi valproate anati tisayandikireko pamene ndikuganizabe zodzakhala ndi mwana wina, chifukwa amatha kuvulaza mwana m'mimba. Mafunso onse aja amene ndinkaona ngati akungotaya nthawi yanga, kumeneku n'kumene ankapita.

Ozimitsa moto anandilembera sumatriptan, atayezanso BP ndi kufunsa za mtima, popeza odwala mtima, amene anagwidwapo sitiroko, ndi amene BP yawo ili yokwera osatsika saloledwa kumwa. Mankhwalawa anayamba kugulitsidwa mu 1991, ndipo ndi oyamba pa gulu la ma triptan, opangidwira ching'alang'ala chenichenicho. Taganizani, akhalapo zaka zoposa 30, amayi anga akumangabe kansalu.

Apanso ndinalakwitsa. Poona mtengo wake ndinayamba kuwasunga ngati nkhuku ya alendo. Mutu ukayamba ndinkati tione kaye, mwina ndi wamba. Pofika pomwa, nseru inali itakwera kale, pilitsi n'kubwerera momwe linalowera. Ndalama m'chimbudzi. Dokotala anati ching'alang'ala chikakhwima chifu chimaima, mankhwala salowa bwino m'magazi. Nthawi yomwera ndi pamene ululu wangoyamba, zigizagi atangotha, osati pakati pa zigizagi ndipo osati mutu utafika pachimake. Anaonjezera metoclopramide wa nseru. Tsiku loyamba kumwa panthawi yake ndinamva khosi ndi nsagwada kuthina pang'ono ndi kutentha, zomwe anali atandichenjeza kale, ndipo patatha ola ndi theka ndinali kupinda mpendero wa katani. Koma nawonso ali ndi malire omwe aja, masiku osafika 10 pamwezi. Lamulo lomwe tinapangana ndi losavuta kukumbukira: mankhwala a ululu, a mtundu uliwonse, asapitirire masiku awiri pasabata.

## Zomwe kalendala inaulula

Kalendala ija ndinaimata mkati mwa chitseko cha kabati. Tsiku la mutu ndimalemba X. Ndikamwa mankhwala ndimazunguliza X uja. Masiku a kumwezi ndimaika kadontho kofiira. Zatha, palibe za foni kapena intaneti.

Patatha miyezi 3 ngakhale mwana akanaona. Ma X ambiri anaunjikana pa timadontho tofiira, kuyambira masiku awiri ndisanayambe kusamba. Ena anagwera masiku amene sindinadye masana. Ena Loweruka lotsatira mapemphero a usiku wonse. Chokoleti ndi tchizi zomwe anthu a pa Facebook ankandiletsa sizinaoneke paliponse, ndipo kunena zoona tchizi ndimadya kangati ine?

Tsopano ndimanyamula mbatata yophika kapena chimanga m'kabokosi, ndipo 12 koloko ndimaimitsa makina kaya bwana ayang'ane bwanji. Botolo la madzi limakhala pansi pa tebulo. Ku mapemphero a usiku ndimapita, koma pakati pausiku ndimatsanzika. Amayi ena amayang'anizana. Ayang'anizane.

Chimene ndinaona n'chakuti kalendala inasintha ngakhale kachezedwe kathu ndi dokotala. Kale ndinkalowa ndi dandaulo, iwo n'kumaganizira. Pano ndimayala pepala patebulo, tonse awiri n'kuweramirapo. Mwezi wina ma X atakwera, anakweza amitriptyline kufika 25 mg. Atatsika, tinasiya pomwepo. Ndikapita kukiliniki ya boma, kumene nesi ali ndi mzere wofika panja ndipo ali ndi mphindi zochepa za ine, pepala lomwelo limandiyankhulira msanga kuposa Chingerezi changa.

Kuseri kwa kalendala yoyamba anandilembera mitu imene si yodikira nayo kunyumba: mutu wobwera mwadzidzidzi ngati mphezi, woopsa kuposa wina uliwonse, mutu wa kutentha thupi ndi kuuma khosi, makamaka kwa munthu amene ali ndi HIV, mutu wobwera ndi kufooka mbali imodzi, pakamwa kupotoka kapena lilime kulemera, zigizagi wopitirira ola. Imeneyo ndi ya kuchipatala chachikulu nthawi yomweyo, usiku kapena usana. Ndipo ndikabwera kumudzi n'kutentha thupi ndi mutu, ndikayezetse malungo kaye ndisananamizire ching'alang'ala.

Sindinachire. Mwezi wabwino ndimakhala ndi ma X atatu, woipa 6. Disembala ndi woipa nthawi zonse. Ndinamva za majakisoni atsopano a pamwezi amene anayamba ku America mu 2018, otchinga kanthu kotchedwa CGRP kamene kamayatsa ululuwu. Ndinafunsa. Dokotala anandiuza mtengo wake, tonse tinaseka, n'kubwerera ku kalendala yathu.

## Foni ya Lamulungu

Mwezi wathawu ndinaimbira amayi. Mawu awo anali a munthu wogona m'nyumba yotseka.

"Mutu womwewu, mwanawe. Masiku ano sukundisiya. Ukamatumiza katundu pa basi uikemo ufa uja unabwera nawo chaka chijachi, unkandithandiza."

Ufa umenewo ndinawapatsa ndine, bokosi lathunthu, ndikunyadira kuti ndabweretsa mankhwala a ku Joni. Utatha anapitiriza ndi mapilitsi a pagolosale.

"Amayi, pamwezi mumamwa masiku angati?"

"Aaa, nthawi zina."

Ndinatseka maso. "Nanga masiku amene simumwa ndi angati?"

"Iwe, mankhwala amawerenga ngati nkhuku?"

Ndinapempha kuti apatse foni mdzukulu wawo, mwana wa achimwene, amene ali sitandade 7. Ndinamuuza kuti ang'ambe pepala pakati pa kope, ajambule mabokosi 30, ndipo tsiku lililonse agogo akamwa mankhwala a mutu alembe X. Timapaketi totha asataye, aziika m'chitini. Ndinamulonjeza mayunitsi.

Dzulo wanditumizira chithunzi pa WhatsApp. Pepala lamatidwa kukhoma ndi phala, pafupi ndi kalendala ya tchalitchi. Padutsa masiku 19. Mabokosi opanda X ndi anayi.